Njati Zisanu za ku Joni

Iwo amene amati umphawi ndiwo mtolo wolemera koposa pansi pano sanasungepo ndalama za dziko la eni. Pakuti ine, amene ndakhala m'chigwa chino cha Domasi kuyambira ubwana ndikugona tulo tofa nato ngakhale thumba lili pululu, ndinayamba kubwebweta usiku kuchokera tsiku limene mwana wa mlongo wanga wa ku Joni ananditumizira, mwa mnzake wobwera pa basi, mapepala asanu a R100, lililonse lokhala ndi nkhope ya Nelson Mandela kumaso ndi njati kumsana.

Munthu wamba akadathamanga kukasintha tsiku lomwelo. Koma ine ndinakulira pafupi ndi koleji ya aphunzitsi, ndipo ngakhale sindinalowemo m'kalasi, mphepo yochokera kumeneko inandiwomba mokwanira kuti ndidziwe mbiri ya kwacha. Malemu bambo anga, amene anapita ku migodi pa Wenela Kamuzu asanatseke njirayo mu 1974, ankalandirira gawo la malipiro awo kuno kwathu popanda kufunsa kuti randi yadzuka bwanji; ndipo pamene kwacha inabadwa mu 1971, makwacha awiri okha ankakwana paundi. Za masiku ano n'zina. Mu May 2012 dola inachoka pa K168 n'kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti. Ndipo mu November 2023 anaidulanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola ya K1,180 inadzuka m'mawa ili ya K1,700. Nditasinkhasinkha zonsezi pansi pa mtengo wa mango, ndinazindikira kuti wosunga ndalama zakunja amalemera ali m'tulo, ndipo ndinaika njati zanga m'Baibulo, pa buku la Levitiko, pamene palibe wa m'nyumba mwanga anatsegulapo.

Komabe wanzeru amafufuza, pakuti safunsa anadya phula. Ndinavala jekete ya Lamulungu, ndinakwera minibasi, ndinadutsa pa Songani nditagwira pachifuwa ngati wodwala chibayo, ndi kukatsika mu mzinda wa Zomba. M'banki ina munali chikwangwani chowala cha mizere iwiri ya manambala, ndipo ine, monga aliyense wodzilemekeza, ndinasankha mzere wa nambala yaikulu, ndi kuwerengera chuma changa kuseri kwa envelopu kufikira ndinafika pa zenera.

"Pepani bambo," anatero mtsikana wa pazenerapo mwaulemu wonse, "umenewo ndi mtengo umene ife timagulitsira. Inuyo mukugulitsa, ndiye wanu ndi winawo."

"Mwana wanga, randi yake si imodzimodzi kodi?"

"Ndi imodzimodzi, bambo, koma ikamalowa ndi ikamatuluka mtengo umasiyana. Chiphaso cha unzika mwatenga?"

Chiphasocho chinali kunyumba m'chitini cha makadi a kuchipatala. Koma sindinafune kuti mwanayo aganize kuti ndabwerera chifukwa cha chiphaso, choncho ndinamuuza kuti mtengo wawo sunandikondweretse, ndipo ndinatuluka mwaufumu. Kwina kumene ndinapita anandiwonjezera kwacha imodzi pa randi iliyonse, ndiko kuti K500 pa chuma chonsecho, ndalama imene sikanakwana ngakhale tchipisi cha pachiwaya chimene ndinadya poganizira za nkhaniyo. Maulendo otere ndinawabwereza ndithu, ndipo makondakitala a msewu wa Liwonde anafika pondidziwa ndi kumanditcha "abwana a foreksi," dzina limene ndinalilandira mofatsa.

Tsono pali ana ena amene sakhala m'nyumba za magalasi, amene amaima m'makonde a masitolo ndi kunong'ona munthu akamadutsa. Mmodzi anandiyang'ana pachifuwa pomwe ndinagwirapo nati, "Madala, tisinthe? Ndikupatsani yabwino." Mtengo umene anatchula unaposa wa kubanki kutali, kotero kuti maondo anga anagwedezeka, pakuti m'dziko limene ndalama zakunja zikusowa, ndipo amalonda opita ku Joni ndi ku Dar es Salaam amatha masabata akudikira ku banki osapatsidwa, randi ya m'thumba la munthu wa ku Domasi imasanduka mkwatibwi. Koma ndinali nditamva za mitolo imene pamwamba pamakhala K5,000 ya nkhope ya Kamuzu pamene pakati pali mapepala odulidwa bwino, ndi za zala zimene zimapinda ndalama imodzi kuti iwerengedwe kawiri. Ndinakumbukiranso za magome a osinthana ndalama amene anagubuduzidwa m'kachisi, ndipo monga mkulu wa mpingo ndinakana. Ena amanena kuti chimene chinandibweza ndi lamulo, pakuti malonda oterewa ngoletsedwa kwa wopanda chilolezo cha Reserve Bank, ndipo ndende ya Domasi ili pafupi zedi ndi kwa apongozi anga, amene akadandiona ndikulima m'munda wa boma nditavala zoyera. Onena zimenezo ndi anthu a kaduka.

Pali msonkho wina umene sulembedwa pa chikwangwani chilichonse. Mbiri ya njati zanga inayenda m'chigwa monse, ndipo pofika ku Malosa zinali zitaswana kukhala R5,000. Alamu anabwera ndi nkhani ya fizi, asuweni ndi ya maliro a munthu amene ndinakumana naye pamsika mawa lake, ndipo onsewa ndinawathandiza ndi makwacha a mpunga umene ndinakolola ku sikimu, popeza munthu wa ndalama zakunja sangamane abale ake.

Pomaliza mwini kutumiza anaimba foni. "Amalume, bwanji osandiuza? Ndikadatumiza pa Mukuru kapena kulowetsa pa Airtel Money kapena Mpamba." Ndinamuphunzitsa mwanayo, monga ndikuphunzitsani inu, kuti otumiza ndalama amadya pawiri, pa fizi yoonekera ndi pa mtengo wosinthira, ndipo amene fizi yake ili yochepa akhoza kubwezera pa mtengowo, kuti kwa ejenti potapa amadulanso, ndi kuti funso la wanzeru ndi limodzi, lakuti makwacha ofika m'manja ndi angati. Iye anayamika kwambiri, napempha kuti ndipatsire foni azakhali ake.

Usiku womwewo ndinatsegula pa Levitiko ndipo ndinapeza lisiti la feteleza.

"Amayi, njati zanga zili kuti?"

"Zinapita kalekale, bambo. Tsiku lija ndinapita kukaona odwala ku Zomba ndinalowa m'banki ndi chiphaso changa. Chimanga chija mukuchiyamikira kudimbachi mumayesa chikudya chiyani?"

Ndinafunsa mtengo umene anasinthira, ndipo ndinaupeza wotsika ndi kwacha yathunthu poyerekeza ndi wabwino koposa umene ine ndinaupeza. Ndinawadzudzula mwachikondi chifukwa cha K500 imene banja lataya. Chiyambire pamenepo mwana uja amatumiza pa foni ya azakhali ake, poopa, ndikhulupirira, kunditopetsa. Ine ndimapezeka Loweruka lililonse pa Songani, pafupi ndi okonza njinga, kulangiza aliyense amene ali ndi ndalama zakunja, ndipo malipiro a uphungu wanga ndimalandira m'makwacha, pasadakhale.