Tsiku Limene Galimoto Inawira pa Khwekhwerere

Ndivomere poyambirira kuti kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanatsegulepo boneti ya galimoto yanga ndi dzanja langa. Ndinkadziwa kuthira petulo ndi kugwira chiwongolero, ndipo ndinkati zimenezo zakwana kuti munthu anyamule mayi a kunyumba, ana awiri ndi apongozi kupita nawo ku Cape Maclear n'kubwera nawo ku Lilongwe ali bwinobwino. Ulendo wopita ndinaukonzekera sabata yathunthu. Wobwerera sindinauganizire n'komwe, poti mumtima ndinkati kwathu sindingalephere kufika.

Tinapangana zonyamuka ku Chembe, ku Cape Maclear komweko, m'mamawa. Ndine ndinati tisambe kaye komaliza, ndinenso ndinaima pa Monkey Bay n'kumanenerera chambo mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo mnyamata wogulitsa atafuna kundimangirira nsombazo pagalasi la m'mbali kuti zizipitidwa mphepo monga amachitira aliyense, ndinakana, ati zindidetsera penti, n'kuziponya mu buti pamwamba pa zikwama. Mayi a kunyumba anafunsa motsitsa mawu, "Abambo, madzi a mu injini mwaona?" Ine ndinati, "Relax, galimoto iyi ndimaidziwa." Chonsecho ngakhale pothirira madziwo sindinkapadziwa.

Popita tinadzera ku Salima, msewu wautali koma wofatsa. Pobwerera ndinasankha shortcut, yodzera pa Golomoti n'kukwera Khwekhwerere, msewu wa makona okhaokha umene umachoka m'chigwa cha nyanja n'kukatulukira mu M1 pa Masasa, kufupi ndi Dedza. Ndinali ndisanaudutsepo. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, tawuni ya Dedza ili pa mamita oposa 1,500, ndipo ine chitunda chonsecho ndinachiyamba mu giya 4, AC ili full, anthu asanu m'kati, buti itadzaza, phazi nditaponda mpaka pansi, injini ikubuula ngati ng'ombe yokoka ngolo ya njerwa. Singano ya temperature ndinaiona ikukwera. Ndinaiona ikufika pofiira. Sindinanene kanthu, chifukwa kunena kukanakhala kuvomera kuti funso la pa Monkey Bay lija linali lanzeru. Ndinaima pokhapokha nthunzi itaphimba galasi lakutsogolo.

Boneti inanditengera nthawi kuti itseguke, ana akuyang'ana. Kenako ndinachita chimene munthu aliyense woyendetsa galimoto amaletsedwa: ndinagwira chitsekerero cha rediyeta n'kupotokola injini idakali moto. Madzi owira anaphulika ngati kasupe n'kundithira dzanja lamanja lonse. Apongozi, amene chikwatireni mwana wawo sitinakhalepo pamphasa imodzi, amene popereka moni timayang'ana kumbali, ndiwo anatuluka msangamsanga, kundigwira pamkono, kuthira madzi a m'botolo pachilondapo n'kuchikulunga ndi chitenje chonyowa. "Pepani bambo, gwirani chonchi," anatero. Dzanja linkawawa, koma manyazi ankawawa koposa.

Sindinalekere pomwepo. Madzi akumwa otsala ndinawakhuthulira onse mu rediyeta, n'kuwaona akutulukira pansi chifukwa paipi ya labala inali itang'ambika, ndiye ndinaimanga ndi jumbo ndi chingwe cha nsapato, n'kuliza injini, galimoto n'kuyamba kubwerera chafutambuyo poti kunyamuka pachitunda ndi dzanja limodzi sindinakuyesepo, mayi a kunyumba n'kuthamanga kukaika mwala kutayala, ine n'kukwera makona awiri okha jumbo ija n'kusungunuka, nthunzi n'kubweranso, madzi tilibe ngakhale dontho, foni yanga itazima chifukwa tchaja ndinaiiwala kunyanja.

Chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero n'chakuti thandizo linabwera kawiri konse. Woyendetsa lole ya kachewere anaima n'kufunsa, "Achimwene, tithandize?" Bambo wina wokankha njinga ya makala anafunsanso chimodzimodzi. Onse awiri ndinawayankha kuti zili under control.

Dzuwa litalowa, mphepo ya ku Dedza inatsika m'phiri. Ana anali adakali mu makabudula a kunyanja, ndipo nditatsegula buti kuti nditenge majuzi, fungo linandibweza, chambo chija chinali chitawolera pamwamba pa zikwama, madzi ake atalowerera m'zovala zonse. Mwana wanga wamng'ono anavala juzi yonunkhayo osadandaula, mano akugundana, n'kundifunsa, "Adadi, tigona pompano?" Pamenepo m'pamene kudzikuza kwanga kunathera. Mnyamata wa kabaza atatulukira pakona ndinaimika dzanja lokulungidwa lija n'kunena mawu amene ndinayenera kunena kuyambira masana: "Achimwene, ndathedwa nzeru, sindikudziwa chochita."

Anapita n'kubwera ndi makaniko wa pamsika, atanyamula paipi yakale, sipanala ndi chigubu cha madzi a pamjigo. Makanikoyo sanandiseke. Ankagwira ntchito tochi ili pakamwa, ndipo atamaliza anandifotokozera ngati mwana wasukulu kuti madzi a mu rediyeta amakhala opanikizika injini ikatentha, choncho munthu amadikira izizire asanatsegule, kuti madzi ozizira pa injini yamoto akhoza kuing'alula, ndiponso kuti chitunda chotere chimafuna giya yaing'ono ndi AC yozimitsa. Zonsezi ndikanazimva pa Monkey Bay ndikanangofunsa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyetsa ndi banja langa lomwe.

Tinadutsa Dedza, Linthipe ndi Nathenje pang'onopang'ono, mawindo ali otsegula chifukwa cha fungo, maso anga ali pa singano ija. M'galimoto munali zii. Palibe amene anandidzudzula, ndipo ndinkalakalaka wina atandikalipira kuti mtima upepuke. Tinafika pageti tambala woyamba atatsala pang'ono kulira.

Ana atagona ndinapeza apongozi pakhonde akunyika zovala zija m'beseni. Ndinagwada chapatali, monga mwa mwambo wathu, n'kupepesa kuti ndinaika moyo wawo ndi wa adzukulu awo pachiswe chifukwa chokana kuoneka wosadziwa. Anapukuta manja pachitenje n'kunena, "Tafika, bambo. Dzanjalo mukaonetse kuchipatala kukacha."

Chipsera chidakalipo pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Ndimachiona nthawi zonse ndikamatsegula boneti m'mamawa injini isanalire, mayi a kunyumba ataima pambali panga, tikuona madzi limodzi.