Sinki yafika, madzi akubwera

Mlamu wanga wa kwa Nchema ku Chiradzulu wakonzetsa khitchini. Sinki yonyezimira anakaigula ku Limbe. Inakwera minibasi n'kulipiridwa mpando ngati munthu, n'kumalizira ulendo pa kabaza. Mmisiri anawaka tebulo la simenti, n'kumata matailosi, koma bowo analiyeza ndi maso. Sinki inakana kulowa mpaka hamala inalira masiku awiri.

Pano zonse zili m'malo, mpopi ukuchita kuwala. Chatsala n'chimodzi: madzi akadali ku mjigo. Mlamu amasenzabe ndowa, kutsukira mbale panja, n'kuyanika pa thandala ngati kale. Nanga sinkiyo? "Alamu, musaikhudze, ingade."

Nkhuku yokha ndiyo yaipezera ntchito: yaikiramo kale mazira atatu.