Ulemu kwa a Pampu a pa Lirangwe

Tiwombe m'manja, akudutsa a Pampu, mfumu yogona m'thumba la saka limodzi ndi zigamba ndi masipoko othyoka. Wakabaza wa pa Lirangwe amawakumbukira tayala likaphwa basi. Wamakala wa kwa Chigaru amawatukwana kuti ndi aulesi, chonsecho popanda iwo matumba ake sangaione Blantyre.

Tawagwirani kumunsiku mukangomaliza kupopa. Ali juu! Ambiri amati n'kukhulana kwa kachikopa ka m'kati. Kachikopako kali ndi mbali yake, koma mwini nkhani ndi mpweya: mukaupanikiza mofulumira, mphamvu ya mkono wanu imasanduka kutentha. Akatswiri ali ndi nambala yake, 1.4, imene amaitcha gamma. Kutenthetsa mpweya umene uli ndi danga lofutukuka kumadya moto wochuluka ka 1.4 poyerekeza ndi kutenthetsa womwewo utatsekeredwa m'botolo.

Ndipo a Pampu alibe tsankho. Amameza nitrogen, magawo 78 pa 100 alionse, ndi oxygen, magawo 21, onsewo a 1.4. Argon amadzitama ndi 1.67 yake, koma gawo limodzi lomwe salikwanitsa, ndiye pabwalo mawu ake samveka. Carbon dioxide, wa pafupifupi 1.3, ndiye wochepetsetsa. Fumbi la mu Okutobala nalo amalimeza, osadandaula.

Isaac Newton, ndi nzeru zake zonse, anaphonya pamenepa. Mu 1687 anawerengera liwiro la phokoso mumpweya, yankho n'kuperewera, chifukwa sanaganize zoti mpweya wopanikizidwa mwadzidzidzi umatentha. Amene anachita kumukonza ndi Laplace, mu 1816. Newtonyo akanapopako njinga ya makala masana, dzanja likanamuuza.

Achibale a a Pampu ndiye analemera. Injini ya dizilo ya pachigayo ilibe pulagi: imafinya mpweya mwina ka 16 mpaka utentha kupitirira madigiri 500, mafuta n'kuyaka okha. Ndege zotera pa Chileka zinapangidwa ndi anthu amene 1.4 yemweyo sachoka pa mapepala awo. Achibalewo amawapukuta, amawalondera usiku, ena mpaka amawaimikira wapolisi. A Pampu malipiro awo ndi kadontho ka oyilo wakutha, ndipo akamalira kuti fwii, mwini shedi amangowamenyetsa pamwala n'kupitiriza kupopa.