Penti ya pabalaza ku Area 14

Ku Area 14 kusankha penti ya pabalaza ndi mlandu wofunika ankhoswe. Adona abwera kuchokera ku Malangalanga atanyamula tchati cha mitundu, chala chili pa kabokosi kena kamene dzina lake ngakhale wogulitsa sadathe kulitchula. Abwana afunsa mtengo wa ndowa ya malita 20, ayamba kutsokomola.

"Bambo a ana, tiyese kaye pakhoma," atero adona. Wopenta apaka tizigamba tisanu pafupi ndi windo, banja lonse nkukhala pasofa kuonerera khoma likuuma.

Kachigamba koyamba nkabuluu. Abwana, amene amagwira ntchito ku Capital Hill, adzambatuka: "Amayi, mukufuna anzanga azindiloza kuti ndine wa DPP?" Mwana wawo, sapota wa Bullets, alumbira kuti sangadye nsima m'chipinda cha Manoma. Ayang'ana kofiira, abwana apukusa mutu, ati ndi UTM imeneyo, komanso anthu azigogoda kufuna mayunitsi a Airtel. Kachikasu nka UDF, kaolenji nka PP, kobiriwira kakununkha tambala wakuda. Chiyambire referendamu ya 1993, zipani zidagawana utawaleza wonse, osasiyako ngakhale mtundu wopaka kubafa.

Ndiye bwanji yoyera? Apa wantchito wa m'nyumba, amene palibe wamufunsa, alankhulira kukhitchini: "Madamu, fumbi la Okutobala likadzabwera, wotsuka ndine." Sakunama, dothi la Lilongwe ndi katondo, ndipo silidziwa kuti mpanda ndi wa abwana.

Penti nayo ili ndi mwano. M'mawa kachigamba kaoneka kodekha, dzuwa likapendeka kapsa mtima, usiku pansi pa babu kasanduka kena. Adona ati tidikire mdima tione bwino. Mdima ufika, magetsi athima, ndipo mitundu yonse igwirizana.

Wopenta yekha sadandaula. Yankho lake ndi limodzi: "Ikauma isintha, madamu." Kuseri kwa nyumba akuthira madzi mu PVA kuti ndowa imodzi ibereke ziwiri, ndipo khoma likayamba kuonetsa mawanga, olakwa ndi amene adapaka pulasitala.

Loweruka afika anachisale kudzaona. Pabalaza ati, "Koma ndiye mwasankhatu bwino, zachizungu zenizeni!" Pageti, galimoto isanalire nkomwe, anong'onezana kuti adona akufuna kutsegula loji.

Pakutha pa sabata zitatu, abwana atopa, adona akwiya, tizigamba tachuluka mpaka kukhonde. Apongozi ochokera kumudzi, amene nyumba yawo amaikongoletsa ndi laimu chaka ndi chaka popanda msonkhano, afunsa ngati ana akhala akusewera ndi khoma. Mawa lake wopenta atumidwa kukagula kirimu, mtundu womwewo umene udalipo kale.

Nchifukwa chake mukalowa nyumba khumi ku Area 14, pabalaza ponse mupeza kirimu. Palibe amene amaikonda, koma ilibe chipani.