Sipeya wa sipeya, ndi sipeya wakenso

Makondakitala akwezanso mtengo. Akuti mafuta anagula kwa a zigubu atagona pamzere mpaka ndevu kumera, ndiye aliyense wofuna kukaona amake ku Nkhotakota alipirire ndevuzo. Ndinasuzumira m'thumba, thumba nalo linandisuzumira. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndi thumba langa timangopatsana moni, nkhani zinatha kalekale.

Ndinadandaulira alamu anga a ku Cape Town pa WhatsApp, poganiza kuti atumiza kangachepe. Iwo anatumiza chithunzi. Ali m'kabwato kapulasitiki kosongoka, akhala motsamira, magalasi akuda kumaso, miyendo ili pa mapedulo. Akuti ndi kayaki yopalasa ndi miyendo, tingoti kabaza wa pamadzi. Kunsi kwake kuli zipsepse ziwiri zimene zimakupiza ukaponda, luso limene kampani ya Hobie ya ku California inatulutsa mu 1997. Makampani ena amaikako kapulopela. Petulo ayi, dizilo ayi, kondakitala ayi. Ndinati alamu, zatheka, ine ndikwerera pa Senga Bay, ndizitsata gombe mpaka kwathu, ndipo mtima ukakoma ndipitirira mpaka Karonga, poti nyanjayi kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580 okha.

“Alamu,” anatero, “ulendo wautali umayamba ndi sipeya. Tengani cholembera.”

Tcheni imaduka, choncho pakhale tcheni ya sipeya. Tiwaya tokoka zipsepse timatha, pakhale ta sipeya. Ukaiwala kukweza makina pamadzi osaya, chipsepse chimagunda mwala, kachitsulo kochigwiriziza kamapindika: sipeya wa chipsepse, sipeya wa kachitsulo. Chingwe cha chiwongolero chikaduka bwato limangozungulira pamodzimodzi, ndiye chingwe china. Sipanala yomangira zonsezi nayonso ikhale ndi inzake, chifukwa sipanala sidziwa kusambira, ndipo nyanja yathu ili ndi malo ozama mamita 700. Kwawoko madzi ndi amchere, makina amawatsuka ndi madzi a pampopi akangotuluka, n'kuwapaka mafuta. Ndinanyadira kuti kuno mchere kulibe. Anandikumbutsa kuti mchenga ulipo, ndipo umadya chitsulo mosasankha dziko.

Nanga makina onse akakana? Akuti nkhafi, yomangirira ndi chingwe kuti isathawe. Nanga nkhafiyo ikathyoka? Nkhafi ina, yolumikiza pakati, yomangidwa kumbuyo. Apa ndinaika cholembera pansi. Munthu watulutsa mamiliyoni kuti asagwirenso nkhafi, kenako wanyamula nkhafi ziwiri! Agogo anga anali ndi imodzi, ndipo ndi yomweyo ankaopsezera nayo agalu.

Alamu sanaseke. Anapitiriza: jekete yoyandamitsa, yovala pathupi, osati yokhalira. Wezulo. Tochi ndi tochi inzake. Pampu yokapira madzi, ndipo pampu ikafa, chigubu chodula pakati. Foni m'kathumba kosalowa madzi. Foni ikasowa netiweki, wayilesi ya VHF, imene ngozi amaitanira pa tchanelo 16. Wayilesi ikapanda woyankha, kachipangizo kotchedwa PLB, kamene kamakuwa ku setilaiti kuti munthu akumira pakutipakuti. Mabatire onse akatha, mapu apepala ndi kampasi. Chakudya cha masiku oonjezera, poti mwera ukayamba, makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, umakhala kumtunda mpaka utaleka wokha. Pomaliza, wina kumtunda adziwe kumene wagona lero ndi kumene ufike mawa. Za mvuu ndi ng'ona za pamathiriro a Bua ndi Dwangwa sanatchule, mwina poti sipeya wa thako sanayambe kugulitsa.

Ine si munthu wogonja msanga. Ndasonkhanitsa malegeni, waya, tcheni yakale ya njinga ya malemu atsibweni, matochi awiri ogawana batire imodzi, ndi wezulo wa mwana wanga. Zigubu zodula ndili nazo zambiri moti ndikhoza kukapa nyanja yonse. Madzulo ndimagona chagada pamphasa n'kumapalasa m'mwamba pokonzekeretsa miyendo. Ndisanatuluke n'komwe mu Senga Bay wa m'mutu mwanga, bondo lakumanzere limati thee!

Mayi a kunyumba anaima pakhomo, manja m'chiuno.

“Bambo, nanga bondo la sipeya mwaika m'chikwama chiti?”

Ndinati nkhani ya bondo ili m'manja mwa komiti.

“Chabwino. Tsono mukanyamuka, ine ndiyambe kuyang'ana mwamuna wa sipeya? Potsata malamulo a achimwene, akhale awiri, wina wolumikiza pakati.”

Usiku umenewo ndinadya nsima mwakachetechete, ndikuyang'anitsitsa aliyense wodutsa pamsewu.

Koma alamu, ngakhale ndimawaseka, akunena zoona, ndipo zimandiwawa. Munthu mmodzi wopita kukasangalala ali ndi njira zitatu zoitanira thandizo. Msodzi wa usipa, amene amatidyetsa tonsefe, amalowa m'nyanja usiku ndi nyali ndi pemphero, ambiri opanda jekete, ndipo akasowa oyamba kumusaka ndi asodzi anzake. Sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndi anthu 145, sitinganene kuti nyanja sinatichenjeze. Ilala yakhala pamadzi kuyambira 1951, ndipo ikapita kokakonzedwa, a ku Likoma ndi Chizumulu amakwera chimene chapezeka. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, ndipo sipeya wa dziko lonse anali kandulo. Jekete yoyandamitsa si chinthu cha azungu oyenda ndi magalasi akuda. Bwato lonyamula anthu lisamachoke padoko popanda majekete okwanira onse, ndipo msodzi aziipeza pamtengo umene angathe. Izi sizifuna setilaiti.

Za kayakiyo ndinafunsa mtengo. Alamu anautchula m'marandi, ndinausintha m'makwacha, foni inatentha. Kuonjezera apo pali msonkho, ndi wonyamula kuchokera ku Joni, ndi ndalama zakunja zimene kuzipeza kwake mukudziwa nokha. Abanki mkhonde anandimvetsera mwaulemu, kenako anafunsa ngati ndili ndi nzeru za sipeya.

Choncho pakadali pano katundu yense ali m'thumba la feteleza kuseri kwa chitseko, wokonzeka ulendo. Owerenga, ngati pakati panu pali amene ali ndi bwato lopanda sipeya, andipeze msanga mwera usanayambe. Ine ndili ndi sipeya wopanda bwato, ndipo tikhoza kugwirizana, bola mawondo akhale anu.