Chiphwisi cha Galu wa ku Bauleni Chilandire Mendulo

Chaka chilichonse pa 25 Meyi ndi pa 24 Okutobala, Pulezidenti wa Zambia amaveka mamendulo anthu amene atumikira dziko mokhulupirika. Ku State House kumapita asilikali, aphunzitsi, oimba, amipingo, ngakhalenso andale amene ntchito yawo amaidziwa okha. Koma alipo mtumiki wina amene dzina lake silinamvekepo pamwambowu, chonsecho amagwira ntchito usana ndi usiku, salandira malipiro, sanyanyala, ndipo alawansi sanaipemphepo. Ndikunena chiphwisi cha galu wa ku Bauleni.

Bauleni ndi komboni ya kummwera chakummawa kwa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill. Kumeneko galu sagona pa sofa. Malo ake ndi pakhonde, kunsi kwa mpando, chapafupi ndi mbaula. Madzulo magetsi akathima, banja lonse litasonkhana panja, ndi pomwe mtumiki wathu amalowa ntchito. Sagogoda, sanena odi, ndipo nthawi zambiri sachita ndi phokoso lomwe. Mumangoona nkhani yadukira pakati, mwana wagwira mphuno, amayi akukupiza ndi chivundikiro cha poto, wina akukuwa kuti, "Iwe Taiga, choka apa!" Taiga amadzutsa mutu, n'kununkhiza kumchira kwake modabwa, kenako n'kuyang'ana anthu mmodzimmodzi kuti aone wachita zamwanozi ndani. Ulemu woterewu, wogwira ntchito yaikulu koma osafuna kutchulidwa dzina, ndi wosowa masiku ano.

Chimene ndimachilemekezera koposa n'chakuti sichinama. Ife a m'komboni kubisa timakudziwa. Bambo amatuluka m'nyumba akutokosa m'mano ndi kamtengo kuti aneba aziti kunali nyama, pomwe wadyera masoya. Mlendo akafunsa za moyo timati tili bwino, ngakhale ufa tikugula wa pamela pa kantemba. Koma galu amadya zotsala za banja, ndiye mimba yake imasunga kaundula wa mphika wonse. Kumayambiriro kwa mwezi, malipiro akadali m'thumba, chiphwisi chimalengeza za mazira ndi mafuta a nkhuku. Pofika pa 20 uthenga wasintha, tsopano chikulalikira nyemba ndi kabichi mopanda mantha. A Jesuit Centre for Theological Reflection amatulutsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa moyo wa banja la anthu asanu mu Lusaka. Ndi ntchito yabwino, sindikuinyoza, koma ikanapepuka akanatuma munthu mmodzi wa mphuno yathanzi kukakhala pakhonde ku Bauleni madzulo.

Amene amanyoza chiphwisi sadziwa luso limene limalowa pochikonza. Mu nyemba, soya, nandolo ndi khobwe muli mitundu ina ya shuga, monga raffinose ndi stachyose, imene matumbo aang'ono a galu sangathe kuigaya (a munthu nawonso sangathe, koma tisachititsane manyazi). Shuga ameneyu amangodutsa mpaka kukafika m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya osawerengeka amamulandira ndi manja awiri. Zochitika kumeneko sizisiyana ndi za mumbiya ya mowa wamasese ukamawira: thovu, kubwata, ndi mpweya wosakasaka potulukira. Mpweya wochuluka wa pamenepa, wa hydrogen ndi carbon dioxide, ulibe fungo n'komwe. Fungo limadza ndi kampweya kochepetsetsa kotchedwa hydrogen sulphide, kochokera ku zakudya zokhala ndi sulphur, monga mazira, nyama, kabichi ndi repu. Ntchito imagawidwa mwachilungamo: nyemba zimabweretsa kuchuluka, kabichi ndi mazira zimabweretsa ukali. Mayi amene wakhuthulira galu mkute wa dzulo, msuzi wa nyemba ndi zotsala za kabichi m'mbale imodzi wakonza yekha pulogalamu ya madzulo, asadabwe ikayamba. Akawonjezerapo mkaka chifukwa cha chifundo, ndiye wakometsa zedi, pakuti galu akasiya kuyamwa thupi lake limachepetsa mphamvu yogayira shuga wa mumkaka, ndipo agalu ambiri aakulu mkaka umawatsegula m'mimba.

Mpweya wina sukonzedwa m'matumbo, umamezedwa. Galu amene amadya kamodzi patsiku, mnzake ataima pambali, nkhuku zikuzungulira mbale, alibe nthawi yotafuna. Amameza nsima, msuzi ndi mphepo pamodzi. Mphepoyo ina imabwerera pogeya, yotsalayo imapitiriza ulendo.

Musaganize kuti mtumikiyu amatumikira amphawi okha. Anthu ambiri a ku Bauleni amagwira ntchito kumayadi, ku Kabulonga, ku Woodlands ndi ku Ibex Hill, ena m'nyumba, ena m'dimba la maluwa, ena pageti. Afunseni. Kumeneko kuli agalu amphuno zophwatalala, a mtundu wa pug, bulldog ndi boxer, amene chifukwa cha mapangidwe a nkhope zawo amameza mphepo yambiri kuposa Taiga. Amadya zogula m'sitolo za mtengo woposa ndiwo za mlonda, amasamba ndi shampu, ena amakwera galimoto kupita kokametedwa, koma kumapeto kwa zonsezo uthenga ndi womwewo. Kusiyana kulipo kumodzi. Ku Bauleni uthengawo umaperekedwa pabwalo, mphepo n'kuugawira aneba. Kumayadi umaperekedwa pabalaza, mazenera ali otseka.

Azungu, amene sachita manyazi kuphunzira chilichonse, anachilemekeza kale chiphwisi cha galu. Mu 2001 asayansi a ku Waltham Centre for Pet Nutrition, ku Leicestershire m'dziko la England, anafalitsa kafukufuku wa nkhani yomweyi. Anasokera agalu tijekete tonyamula makina, n'kuika kapaipi kobooka chapafupi ndi mchira kuti kazikoka mpweya n'kuyeza hydrogen sulphide. Makina okha sanakwanire. Panalinso munthu, wobadwa kwa mayi monga inu ndi ine, amene ntchito yake inali kununkhiza n'kupereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Anapeza kuti malikisi a mphuno yake akugwirizana ndi kuchuluka kwa kampweya kaja. Pa kafukufuku wina wa chaka chomwecho anadyetsa agalu timabisiketi tokhala ndi makala okonzedwa mwapadera, zinc acetate ndi chomera cha Yucca schidigera, ndipo fungo loipitsitsa linachepa. (Makalawo si a pambaula, chonde musasinje a m'thumba lanu n'kuthira m'mbale ya galu.) Ku England woweruza fungo analembedwa ntchito. Ku Bauleni oweruza otere ali pakhomo lililonse, kuyambira agogo mpaka mwana wa giredi 1, ndipo amagwira ulere.

Ntchito yake yosunga mtendere ndiyo anthu amaiwala kuthokoza. Apongozi abwera kuchokera ku Katete, njira yonse akudya mtedza, mbatata ndi mazira owiritsa a pa siteji. Apatsidwa mpando wabwino, moni wadutsa, nkhani za kumudzi zayamba, kenako mphepo ya pakhonde yasintha. Mkamwini sangayang'ane apongozi, mwana wawo sangatsokomole, adzukulu akuluma milomo. Pamenepo mkamwini wanzeru amatembenukira kunsi kwa mpando. "Pepani amayi, galu uyu wadya zoipa." Apongozi nawo amapukusa mutu mwachisoni. "Agalu a m'tauni alibe mwambo, bambo." Taiga amathamangitsidwa, mlandu watha popanda ankhoswe. Bodzali limagwira ntchito chifukwa chimodzi chokha, chakuti masiku ena onse galuyo amakhaladi wolakwa, ndipo mbiri yake imadziwika mpaka nyumba yachitatu. Pakhomo popanda galu mlandu wotere umagwera mwana wamng'ono kwambiri, amene sanadziwe kudziteteza.

Pali ena amene amati vuto lonse ndi nsima, kuti galu ndi chilombo cha nyama basi. Awa ndikutsutsana nawo. Mu 2013 gulu la asayansi la Erik Axelsson wa ku yunivesite ya Uppsala, ku Sweden, linafalitsa m'magazini ya Nature kuti galu anasiyana ndi kholo lake mmbulu pa nkhani yogaya zakudya za ufa. Kachigawo ka chibadwa kotchedwa AMY2B, kamene kamathandiza kugaya sitachi, mmbulu ali nato tiwiri, pomwe agalu anawapeza nato kuyambira 4 mpaka 30. Zaka zikwizikwi zokhala pafupi ndi dzala la anthu zinamuphunzitsa galu kudya za mlimi. Nsima yopsa bwino amaigaya ndithu. Chimene nsima ilibe ndi zomanga thupi zokwanira, ndiye pamafunika kapenta, matumbo a nkhuku ophika kapena zodula za kubutchala.

Adani a mtumiki wathu ali ndi njira zomutsekera pakamwa, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti njirazo zimatheka. Amagawa chakudya cha galu kawiri patsiku m'malo momuunjikira kamodzi. Agalu awiri amawadyetsa motalikirana. Nyemba, masoya ndi mkaka amachepetsa. Akafuna kusintha chakudya amasakaniza chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, kuti mabakiteriya azolowere. Amamumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba miyezi itatu iliyonse, makamaka galu woyendera mulu wa zinyalala kuseri kwa msika. Msuzi wa anyezi wambiri samupatsa, chifukwa anyezi amawononga magazi a galu, ndipo mafupa ophika a nkhuku, amene amasweka mosongoka, amataya kutali. Galu wotere amanenepa, ubweya n'kusalala, koma pakhonde pamakhala zii, ndipo apongozi akabwera banja limasowa pothawira.

Ngati zonsezi sizikukwanira mendulo, kumbukirani 2024. Chaka chimenecho chilala chinapsereza minda, moti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Mu Ogasiti nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inauza dziko kuti agalu pafupifupi 400 akuganiziridwa kuti afa m'mwezi umodzi atadya zochokera ku chimanga choipa. Boma litayeza masampulo 25 otengedwa m'makampani ogaya chimanga, pafupifupi theka anapezeka ndi aflatoxin wopyola mlingo. Poizoni ameneyu amapangidwa ndi chuku chomera pa chimanga ndi mtedza, makamaka mbewu ikazunzika ndi chilala m'munda kapena ikasungidwa isanaume bwino. Amawononga chiwindi, satha ndi moto wophikira nsima, ndipo munthu womudya pang'onopang'ono kwa zaka akhoza kudwala khansa ya chiwindi. Amakonda kuchuluka m'gaga, yemwe ndiye chakudya cha galu, nkhuku ndi nkhumba za anthu wamba. Ku Kenya mu 2004 anapha anthu 125. Kuno anayamba kugwa ndi agalu, ndipo ufa wina unachotsedwa pamsika. Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Mimba imene timaiseka madzulo aliwonse ndi yomwe inalawira dziko lonse chaka chimenecho, ndipo inalipira ndi moyo.

Ndiye chiphwisi chikamveka pakhonde, thokozani kuti njira ndi yotseguka. Mpweya wotuluka sunaphepo galu. Wakupha ndi wotsekeredwa: mwa agalu aakulu a chifuwa chakuya, monga German shepherd ndi Great Dane, chifu chimatha kudzaza mpweya n'kupotokola, ndipo galu amafa m'maola ochepa akapanda kuchitidwa opaleshoni. Galu wophwisa koma akudya, akusewera, akuuwa wakuba usiku, msiyeni atumikire. Koma akasiya kudya, akamasanza, akamachita chimbudzi chamagazi, maso ndi nkhama zikachita chikasu, kapena mimba ikatupa n'kuuma iye akuvutika kusanza popanda chotuluka, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ku yunivesite ya Zambia, pa msewu wa Great East, sukulu ya zaziweto ya Samora Machel ili ndi chipatala chake. Ndipo thumba la ufa kapena la gaga limene galuyo amadyako liikeni pambali, ana asadyeko kufikira dokotala atanena chimene chavuta.