Katcheredwe ka Makina Osakira Golide: Malangizo kwa Mpondamatiki wa Mawa wa pa Khuyu

Kamuzu ankati chuma chili m'nthaka. Mkuluyo ankanena za khasu, chimanga ndi fodya, koma ife a m'badwo uno tinamvetsa bwino kuposa makolo athu: chumacho chilimo kale, chopsa, chikungodikira munthu wa makina. N'chifukwa chake mnyamata wochokera ku Joni masiku ano sabweranso ndi wailesi ya makaseti awiri. Amatsika mu Ilala atanyamula ndodo yokhala ndi mbale kumapeto, mahedifoni ali m'khosi, moni kwa amphawi atasiya kale. Ngati inu achimwene muli m'gulu limeneli, ndipo mwasankha kuyambira pa Khuyu pompano, pa chilumba cha Likoma, malangizo awa ndi anu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Sankhani malo osamvera akatswiri

Akatswiri a za miyala akamatchula kumene kuli golide m'Malawi muno amanena za chigwa cha Lisungwi ku Neno, Nathenje ku Lilongwe, Makanjira ku Mangochi, Tukombo ku Nkhata Bay ndi madera ena a ku Kasungu. Likoma samutchula. Musakhumudwe, imeneyo ndiye nkhani yabwino: mulibe wopikisana naye. Chilumba chonse, masikweya kilomita pafupifupi 18 a matanthwe, malambe ndi minda ya chinangwa, ndi chanu nokha.

Komanso golide sali kutali. Mapiri a Mozambique mumawaona muli pakhonde. Kumpoto kwa Cobue, m'boma la Lago ku Niassa, kufupi ndi malire a Tanzania, kuli Lupilichi, kumene anthu akhala akukumba golide kuyambira m'ma 1990. Usipa umawoloka malire opanda pasipoti tsiku ndi tsiku, ndiye golide angalephere bwanji? Wina akakuuzani kuti golide amatsata mitsempha ya miyala ndi mitsinje yoikokolola, ndipo sasambira, dziwani kuti ameneyo ndi wansanje.

Gulani makina okongola bokosi

Makina enieni alipo mitundu iwiri. A VLF ndi opepuka, otsikirapo mtengo, ndipo amamva tizidutswa ting'onoting'ono ta pamwambamwamba. Osakira ndalama zachitsulo amagwira pa ma kHz ochepa, pomwe a golide amakwera: Gold Monster 1000 ya kampani ya Minelab ya ku Australia imagwira pa 45 kHz, Gold Bug 2 ya Fisher pa 71 kHz. Mtundu wachiwiri ndi wa pulse induction, monga GPX 5000, umene umamva mozama ndipo susokonezeka msanga ndi nthaka yodzaza chitsulo, koma mtengo wake ungakuguliritseni boti ndi injini yomwe.

Inu musavutike ndi zonsezo. Chiyambireni chipwirikiti cha golide ku Sudan cha m'ma 2009, msika unadzaza makina achinyengo ovala dzina la Minelab, bokosi lowala kuposa la enieni. Gulani amenewo, chikomekome cha mkuyu. Koposa apo, funani aja a tinyanga tiwiri amene wogulitsa amalumbira kuti amanunkhiza golide ali pa mtunda wa makilomita asanu. Ku Britain, James McCormick analemera pogulitsa maboma tizipangizo totere, totchedwa ADE 651, ati tozindikira mabomba, pomwe tinachokera ku kachidole kosakira mipira ya gofu. Mu 2013 khoti linamupatsa zaka 10. Ngati akuluakulu a asilikali anagula, inu ndani kuti mukayike?

Sensitivity: pindani mpaka kumapeto

Batani ili limauza makina kuti atchere khutu motani. Buku la malangizo limati mulikweze pang'onopang'ono mpaka makina atayamba kulongolola okha, kenako mulibweze pang'ono kuti akhazikike. Limatero chifukwa khutu likatcheredwa mopyola limamva zonse: nthaka, mawaya a magetsi, foni ya m'thumba, ngakhale mphezi yong'anima kutsidya ku Mozambique, ndipo kaphokoso ka golide weniweni kamamira m'chiphokoso chimenecho.

Koma inu munalipira batani lonse, osati theka. Pindani mpaka ligunde. Makina adzalira pa phazi lililonse, ana a sukulu adzakutsatani, ndipo pofika madzulo mbiri idzakhala itafika ku Mbamba ndi ku Makulawe kuti pa Khuyu patuluka mgodi. Ngongole ya pagolosale idzayamba kuperekedwa mwaulemu.

Ground balance: nthaka isakuuzeni zochita

Nthaka nayo ili ndi chitsulo chake, makamaka mchenga wakuda uja umamatirira ku maginito, ndi miyala ina imene imaliza makina popanda kanthu m'kati. Ground balance ndiyo imaphunzitsa makina kuti liwu la nthaka alinyalanyaze. Odziwa amapeza malo opanda chitsulo chilichonse, n'kumakweza ndi kutsitsa mbale ija pamwamba pa nthaka, akusintha batani mpaka kulira kutasiya kusintha. Akachoka pa mchenga wa kugombe kupita pa dothi la kumunda amabwerezanso, chifukwa nthaka yasintha.

Kumeneko n'kutaya nthawi. Chitani kamodzi kokha, tsiku logula, makamaka pa simenti ya m'sitolo imene pansi pake pali mawaya. Mukatero mwala uliwonse wa pa Likoma udzayankha, ndipo miyala pano siisowa. Amishoni a UMCA anamangira tchalitchi chachikulu cha St Peter's kuyambira mu 1903, koma yotsala ikadali yokwanira kukumba moyo wanu wonse.

Pali mwayi umodzi umene simungauwononge ngakhale mutafuna. Mchere wa m'nyanja zazikulu umasokoneza makina a golide, koma nyanja yathu ndi ya madzi abwino. Thokozani Chauta, mchere wakukhululukirani.

Threshold: kaphokoso kosautsa

Makina otcheredwa bwino amang'ung'udza chapansipansi osalekeza, ngati udzudzu umene walowa m'neti usiku wa mwezi wa Novembala. Odziwa amakasiya kaphokosoko pamene khutu likungokamva pang'ono, chifukwa golide wamng'ono kapena wakuya saliza belu: amangokadodometsa pang'ono, kamphindi, ndipo wosamvetsera amadutsa. N'chifukwa chake amavala mahedifoni n'kukhala chete tsiku lonse.

Munthu wolemera sakhala chete tsiku lonse. Zimitsani kaphokosoko, mahedifoni muwalumikize ku foni, mumvere mpira wa Bullets ndi Wanderers. Golide amene akufuna kukupezani adzakuwa yekha.

Discrimination: sankhani golide yekhayekha

Apa ndiye pagona nkhani. Makina sadziwa golide. Amaponya mphamvu ya maginito m'nthaka, chitsulo chilichonse chimayankha, ndipo iwo amangoyerekeza potengera kukula kwa chinthucho ndi mmene chimayendetsera magetsi. Kachidutswa ka golide kamayankha mofanana ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, kachitsulo kotsegulira chitini, kapena mtovu. Mukauza makina kuti akane zinyalala zimenezi, akana ndi golide yemwe. Osaka enieni amatsitsa discrimination, n'kumakumba chilichonse cholira.

Ndiye muli ndi njira ziwiri, zonse zabwino. Mukalikweza batanili, makina adzakhala duu, ndipo mudzayenda kuchoka pa Khuyu mpaka ku Nkhwazi osawerama, msana uli bwinobwino. Mukalitsitsa, gombe lidzakupatsani zonse zimene lasunga chifikireni amishoni mu 1885. Gwadani pamene asodzi amakokera mabwato. Fukulani mchenga ndi manja, dzanja limodzi limodzi, mukudutsitsa pa mbale. Dzanja lachitatu lidzalira. Tsegulani chikhatho pang'onopang'ono, mtima ukugunda: mbedza yadzimbiri. Pambali pake chitsekerero cha Fanta, msomali wa bwato, wani tambala ya tambala wakuda, ndi kamtovu kolemeretsa chingwe cha mbedza. Kamtovuko musakataye. Kamalira mokoma kwambiri mofanana ndi golide, moti osaka enieni amayesera makina awo pa mtovu. Mukakapeza, dziwani kuti makina anu ali bwino, vuto ndi chilumba.

Kayendetsedwe ka mbale

Mbale yaing'ono imamva tinthu ting'onoting'ono, yaikulu imamva zozama koma zikuluzikulu. Iliyonse imafuna kuyenda pafupi ndi nthaka, mopingasa, pang'onopang'ono, mzere uliwonse ukuphimbako unzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu, koma akuluakuluwo analibe ngongole ya katapila. Inu gwedezani mofulumira, mbale ili m'mawondo.

Valaninso majombo a chitsulo kumapazi, wotchi ndi mphete, fosholo muikokere pafupi. Mudzakhala m'gulu la anthu otchuka. Mu 1881 Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anapanga makina oti apeze chipolopolo m'thupi la James Garfield, pulezidenti wa America amene anawomberedwa. Makina analira, chipolopolo osapezeka, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti bedi la wodwalayo linali ndi masipuling'i achitsulo. Ngati Bell anasaka bedi, palibe manyazi kuti inu musake chala chanu chachikulu.

Nkhani zolimbitsa mtima

Mkazi wanu akafunsa za ndalama ya ufa, muuzeni za Kevin Hillier. Mu 1980, kufupi ndi Kingower ku Australia, bamboyu anapeza ndi makina chibuma cha golide cholemera makilogalamu 27, chotchedwa Hand of Faith, chili pansi masentimita 30 okha. Musatchule kuti anachipeza ku Victoria, dera limene linatapidwa golide wa zibuma kuyambira m'ma 1850. Musatchulenso kuti golide wambiri wa kwathu kuno ndi wa fumbi, amene anthu amachita kusefa m'madzi ndi beseni, ndipo makina samumva chifukwa amamva chidutswa chimodzi chimodzi, osati fumbi lomwazika mumchenga.

Mukaona tonyezimira mumchenga, thamangani mukalengeze musanayese. Kuyesa kumachotsa chimwemwe. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, amatsalira pansi pa beseni, ndipo mukamumenya ndi hamala amaphwatalala. Tonyezimira tinato timayandama poseva, kapena kuphwanyika n'kusanduka ufa. Hamala ibiseni.

Boma, amfumu ndi maenje

Malamulo a migodi, amene anakonzedwanso mu 2023, amati miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthaka ili m'manja mwa dziko, ndipo wosaka kapena wokumba ayenera kukhala ndi chiphaso. Kuyambira mu 2021 Reserve Bank yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund. Ku Mangochi, asilikali anachita kukathamangitsa anthu okumba m'nkhalango ya Namizimu mu 2018. Zonsezi zimakhudza anthu amene apeza kanthu. Inu muli pabwino, chifukwa palibe wapolisi amene analandapo munthu thumba la zitsekerero. Koma tsiku limene mudzatope n'kukwera boti la ku Cobue, kumbukirani kuti kumeneko ndi dziko la eni, malamulo ndi a eni, ndipo Chipwitikizi cha "bom dia" sichitulutsa munthu m'chitokosi.

Kwa amfumu musapiteko, adzangomva mbuzi ya mlamu wawo ikathyoka mwendo m'dzenje lanu. Kumanda ndi pabwalo la tchalitchi makina amalira kwambiri, koma kumeneko ngakhale mlangizi wanune sindikuperekezani. Ndipo pa maenje pokha ndisiye nthabwala: ku Kasungu ndi madera ena migodi yokumba pamanja yakwirira anthu, amayi ndi ana omwe. Dzenje likapyola m'chiuno mumchenga, tulukani. Palibe batani lobweza munthu.

Kumene kuli phindu

Pakatha miyezi ingapo mudzakhala mutadziwa chinsinsi chimene aliyense wa ku migodi amadziwa: wolemera msanga ndi wogulitsa mabatire, wophika nsima, mwini boti ndi wogulitsa makina. Ilala imabwerabe sabata ndi sabata, ndipo simulephera kutsika mnyamata wa maso owala. Pukutani makina anu bwinobwino, muwabwezere m'bokosi lokongola lija. Musaname, bodza ndi tchimo. Muuzeni zoona zokhazokha: makinawa sanakhalepo chete, tsiku lililonse amapeza kanthu, ndipo mwini wake akugulitsa chifukwa msana wakana. Akafunsa koyambira, mulozereni ku Chizumulu. Kumeneko sikunasakidwe.